Ndalama n'zochepa, ndiyambe ndi nyale iti pojambula nkhope za anthu?

Funso: Ndili ndi kamera ya DSLR ndi lenzi imene inabwera nayo, ya 18-55mm. Ndikufuna kuyamba kujambula anthu m'chipinda cha mamita 3 mulifupi ndi mamita 4 mulitali, koma ndalama zimene ndasunga si zambiri. Pa intaneti ndaona akugulitsa ma softbox atatu, masitandi ndi nsalu yakumbuyo, zonse m'katoni imodzi pamtengo wotsika. Ndigule zimenezo, kapena pali poyambira pena pabwino?

Yankho: Ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Katundu wa m'katoni imodziyo amakopa chifukwa amaoneka wambiri, koma akafika mudzapeza kuti muli ndi zinthu khumi ndipo palibe n'chimodzi chomwe chokukhutiritsani. Mababu amene amaikamo, opotanapotana aja kapena a LED otchipa, amafooka kwambiri kuwala kukadutsa pansalu ya softbox, bokosi lansalu lija lofewetsera kuwala kwa nyale. Mudzakakamizika kukweza ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) mpaka 1600 kapena kutsitsa shutter (liwiro la chitseko cha kamera) mpaka 1/30 ya sekondi, ndiye chithunzi chidzatuluka cha timadonthomadontho, apo ayi chambuu munthu akangogwedeza mutu pang'ono. Ambiri mwa mababuwa kuwala kwake kumapendekera ku mtundu wobiriwira, khungu n'kumaoneka ngati la wodwala, ndipo kukonza zimenezo pa kompyuta ndi chintchito. Masitandi ake ndi a timiyendo towonda. Choipitsitsa n'chakuti softbox yakeyo imakwana pa nyale yokhayo basi, moti tsiku limene mudzagule nyale yeniyeni, zonsezo zidzangokhala zodzazira malo.

Zimene mukufunika ndi zinayi: nyale imodzi yoti muzitha kuilamulira mphamvu, chinthu chachikulu chofewetsera kuwala kwake, sitandi yosagwa chisawawa, ndi chobwezera kuwala ku mbali ya nkhope imene ili mumthunzi. Musanagule chilichonse mwa zimenezi mvetsani kaye mfundo ziwiri, chifukwa ndizo zimasankha katundu, osati dzina la kampani.

Yoyamba, kufewa kwa kuwala sikuchokera ku mtengo wa nyale. Kumachokera ku kukula kwa malo amene kuwalako kukutulukira, poyerekeza ndi munthu amene mukumujambula. Dzuwa ndi lalikulu koma lili kutali, kwa ife limaoneka ngati kambale kakang'ono, n'chifukwa chake masana mthunzi wa mphuno umakhala wakuthwa ngati wochita kudula ndi lumo. Mitambo ikakuta, thambo lonse limasanduka nyale imodzi yaikulu ndipo mithunzi imasungunuka. Softbox ya masentimita 90 ikakhala pa mita imodzi kuchokera pankhope ndi mtambo. Yomweyo mukaikankhira pa mamita 4 yasanduka dzuwa.

Yachiwiri, kuwala kumatha msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Mukachotsa nyale pa mita 1 n'kukaiika pa mamita 2, kuwala kofika pankhope sikutsala theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Pa mamita 3 kumatsala limodzi mwa magawo 9. Kwa munthu wa thumba lopepuka imeneyi ndi nkhani yabwino. Kusendeza nyale pafupi kumafewetsa kuwala, kumachepetsa mphamvu yofunika, komanso kumadetsa khoma lakumbuyo, zonse nthawi imodzi ndipo osalipira kalikonse.

Tsopano nyale yake. Ngati ntchito yanu ndi zithunzi zokha, yambani ndi fulashi yaing'ono ija imene imatha kukhala pamwamba pa kamera, imene ambiri amangoti speedlight. Musaiike pa kamera, muiike pa sitandi. Za mtundu wa Godox TT600 kapena Yongnuo YN560 IV n'zokwanira. Zimayendera mabatire anayi a AA, mphamvu mumaikweza ndi kuitsitsa nokha kuyambira 1/1, imene ndi mphamvu yonse, mpaka 1/128, ndipo zili ndi kawailesi m'kati kolandirira uthenga kuchokera ku kamera. Mphamvu ya fulashi zoterezi ili cha m'ma 50 mpaka 75 Ws (watt-second, muyeso wa mphamvu ya fulashi). Pamapepala imaoneka yochepa poyerekeza ndi nyale zikuluzikulu za mu situdiyo, koma kuwala kwake kumatuluka konse pa kanthawi kochepetsetsa, ndiye kumaposa kutali mababu atatu a m'katoni aja, komanso kumaimitsa kugwedera kulikonse. Mwana wosakhazikika amatuluka ali bwinobwino.

Ogulitsa adzakuuzani za TTL ndi HSS. TTL ndi yoti kamera izidziyezera yokha mphamvu ya fulashi, ndipo imathandiza pamalo pamene anthu akuyendayenda. M'chipinda momwe munthu wakhala pampando, nyale ili pamalo amodzi, TTL imangosokoneza chifukwa imasintha mphamvu munthu akasintha malaya. HSS ndi yolimbanirana ndi dzuwa panja. Zonse ziwiri zimakweza mtengo, ndipo pa ntchito yanuyi mungathe kuzisiya.

Pamwamba pa kamera pamafunika trigger, kachipangizo kouza fulashi kuti ithwanime. Gulani ya kampani yomweyo ya fulashi, chifukwa mawailesi a makampani osiyana samvana. Onetsetsaninso chilembo chakumapeto kwa dzina lake: pa za Godox, C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm. Ndiye suzumirani pamene pamalowa fulashi pamwamba pa kamera yanu. Makamera ena otsika mtengo a Canon, monga 4000D ndi 250D, alibe kachitsulo kakakulu kapakati kaja, moti trigger wamba ya kapini kamodzi siigwira ntchito. Pamafunika yopangidwira Canon yeniyeni, ndipo nthawi zina ya pulogalamu yatsopano m'kati mwake. Funsani musanalipire.

Fulashi yaing'ono ili ndi zofooka zake ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Ilibe babu loyaka nthawi zonse lokuonetsani kumene mthunzi ugwere, ndiye mumaphunzira mwa kujambula n'kuyang'ana. Mukaiika pa mphamvu yonse imatenga masekondi angapo kuti idzadzenso, ndipo mukaithwanimitsa motsatizana ka 30 pa 1/1 imatentha n'kufuna kupuma mphindi 10. Mankhwala ake n'kuigwiritsa ntchito pa 1/4 kapena 1/8, ISO n'kuikweza kufika 200 kapena 400, pamene chithunzi sichiwonongeka n'komwe. Mabatire gulani otchaja a NiMH, a 1900 mAh kapena kuposa, magulu awiri a anayianayi. Otaya aja amachedwetsa fulashi kudzadza ndipo amadya ndalama mwakachetechete. Mukamaliza ntchito achotseni, chifukwa batire likachucha m'kati fulashi yatha.

Nanga nyale zazikulu zolumikiza kukhoma? Ndi zabwino ngati mudzajambula anthu ambiri tsiku lililonse. Zimadzadza msanga, sizitentha wamba, ndipo zili ndi babu loonetsa mithunzi. Koma m'chipinda cha 3 ndi 4 vuto lake limakhala losiyana ndi limene anthu amaliopa: mphamvu imachuluka. Nyale ya 400 Ws imene imatsika mpaka 1/16 yokha, ikakhala pafupi ndi nkhope imakukakamizani kuchepetsa aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi, mpaka f/8 kapena f/11 ngakhale mukufuna kumbuyo kusungunuke. Choncho musafunse kuti imakwera mpaka pati, funsani kuti imatsika mpaka pati. Ya 200 kapena 300 Ws yotsika mpaka 1/32 ndiyo yoyenera chipinda chaching'ono. Mukaitanitsa kuchokera kunja, onani ngati ndi ya 110V kapena 220-240V, popeza zambiri sizilandira zonse ziwiri.

Ngati mudzajambulanso mavidiyo, nkhani ikusintha, chifukwa fulashi pa vidiyo ilibe ntchito. Pamenepo gulani nyale imodzi ya LED ya mtundu wa COB, ya 60W kapena 100W, ya kuwala kwa masana cha m'ma 5600K, ndipo CRI yake, muyeso wa mmene imaonetsera mitundu moona, ikhale 95 kapena kuposa kuti mtundu wa khungu uzituluka woona. Zimene mukuona ndi maso n'zimene kamera ijambule, ndiye kuphunzira kumafulumira. Vuto lake ndi lakuti muzijambula pa ISO 400 mpaka 800 ndi f/2.8 kapena f/4, kumene lenzi yanu ya 18-55mm siifika ikakhala pa 55mm. Nyale yozungulira ngati mphete ija isiyireni ojambula ndi foni. Imaphwatalalitsa nkhope, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo imasiya mphete yoyera m'diso imene anthu amatopa nayo msanga.

Chofewetsera kuwala ndi pamene ndalama iyenera kupita mosaumira. Chotchipa kwambiri ndi ambulera yoyera imene kuwala kumadutsa, ya masentimita 84 kapena 105. Imatseguka pa sekondi imodzi ndipo kuwala kwake n'kokoma. Chilema chake n'chakuti imamwaza kuwala paliponse. Kwina kumapita kutsogolo, kwina kumabwerera kumbuyo, kumenya khoma ndi denga n'kudzaza chipinda chonse. Makoma akakhala oyera mumapeza chithunzi chowala, chopanda mithunzi yozama, chimene ndi chabwino pa ana ndi mabanja. Makoma akakhala a mtundu wina, tinene obiriwira kapena achikasu, mtunduwo umatera pakhungu. Ndipo mukafuna chithunzi cha kumbuyo kwakuda bii, ambulera m'chipinda chaching'ono ikukanizani.

N'chifukwa chake ndikulangizani softbox ya mbali 8, ya masentimita 80 mpaka 95, yotseguka ngati ambulera osati yolowetsa timitengo kamodzikamodzi, ndipo ikhale ndi grid, kaukonde kakuda komata kutsogolo kamene kamaletsa kuwala kumwazikira m'mbali. Chofunika koposa, polumikizira pake pakhale pa mtundu wa Bowens. Umenewu ndi mlomo umene makampani ambiri amatsatira, moti softbox yomweyo idzakwana pa nyale yaikulu kapena ya LED imene mudzagule zaka zikubwerazi. Kuti fulashi yaing'ono ilowemo pamafunika chogwirira chotchedwa S-type bracket, chimene chimapana mutu wa fulashi, chimakhala pa sitandi, ndipo chili ndi bowo la ambulera. Mukaika fulashi m'menemo, zoom yake muiike pa 24 kapena 35mm kuti kuwala kudzaze nsalu yonse. Mukaisiya pa 105mm pamawala pakati pokha, ndiye softbox yaikuluyo yasanduka yaing'ono. Ya masentimita 120 imakopa, koma denga likakhala la mamita 2.4 siikwera pamwamba pokwanira munthu wamtali ataimirira. Ngakhale ndi ya 90, kumukhazika munthu pa kampando kopanda choyedzamira kumakupatsani malo okwezera nyale.

Sitandi anthu amaipeputsa mpaka tsiku limene imagwa. Sankhani yokwera mamita 2.4 kapena kuposa, ya miyendo yotambasuka bwino, ndipo ngati n'kotheka ya mpweya m'kati imene imatsika pang'onopang'ono mukamasula chomangira. Yopanda mpweya imagwa gwaa n'kukupanani chala, babu n'kusweka. Poimika, mwendo umodzi uloze kumene softbox yaweramira. Pamiyendo ikani thumba la mchenga la makilogalamu 5. Limeneli musagule, sokani nokha ndi nsalu yolimba, mchenga muukulunge kaye m'pulasitiki kuti usamatulutse fumbi.

Chobwezera kuwala ndicho nyale yanu yachiwiri, yosadya batire. Reflector yopinda ya masentimita 80 kapena 110 imabwera ndi mbali yoyera, yasiliva, yagolide, yakuda, ndi nsalu yodutsa kuwala pakati. Yoyera ndiyo muzigwiritsa ntchito kwambiri. Yasiliva ndi yamphamvu ndipo imathandiza pakhungu lakuda. Yagolide imapaka munthu chikasu mbali imodzi ya nkhope, ndiye kawirikawiri imangokhala m'thumba. Yakuda siibweza kuwala, imakumeza, ndipo imazamitsa mthunzi pamene makoma oyera aphwatalalitsa nkhope. Thabwa loyera la polystyrene lija amatchingira kutentha m'nyumba limagwira ntchito yomweyo. Lipakeni penti wakuda wa madzi mbali imodzi, chifukwa wa mafuta amalisungunula.

Za kumbuyo musawonongepo ndalama panopa. Pakani khoma limodzi penti wotuwa wosanyezimira. Mtundu wotuwa umamvera: munthu akatalikira khoma, nyale ili pafupi naye ndipo yaikidwa grid, khomalo limatuluka lakuda. Mukaliwalitsa ndi nyale ina limayera. Nsalu zotchipa zimachita makwinya amene amaoneka pachithunzi chilichonse. Mapepala a mu situdiyo amabwera m'mikukutu ya mamita 1.35 kapena 2.72 mulifupi, ndipo ya 2.72 pamodzi ndi masitandi ake m'chipinda cha mamita 3 siikwana bwino. Ya 1.35 ndi yokwanira munthu mmodzi kuyambira m'chiuno kupita kumutu.

Werengerani malo anu moona mtima. Mwa mamita 4, munthu akhale mamita 1.2 kuchokera kukhoma, inu mamita 2 kuchokera kwa iye, otsalawo ndi poimirira panu. Amenewo ndi malo a zithunzi za mutu ndi mapewa, kapena theka la thupi. Thupi lonse limafuna mamita 5 kapena 6. Mukayesa kulikwanitsa potsitsa lenzi pa 18mm muli pafupi, chimene chayandikira kamera chimafufuma, mphuno kapena mimba, miyendo n'kufupika. Chimapotoza nkhope si lenzi, ndi kuyandikira kwambiri. Lenzi yanuyo pa 55mm ndi f/5.6 kapena f/8 imajambula bwino ndithu ikakhala ndi fulashi, ndiye musaisinthe kaye. Ndalama ikadzapezeka, 50mm f/1.8 ndiyo yotsatira.

Katundu akafika chitani motere. Kamera ikhale pa M, pamene zonse mumazisankha nokha, ISO 200, shutter 1/160, aperture f/5.6, white balance (chokonzera mtundu wa kuwala) pa fulashi, ndipo muzijambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula. Zimitsani mababu a m'chipinda amene ali pafupi ndi munthu, tsekani makatani, jambulani kamodzi fulashi ili yozimitsa. Chithunzicho chituluke chakuda kapena pafupifupi. Chikatero ndiye kuti kuwala konse kumene kubwere ndi kwanu. Kenako imikani softbox cha pambali, pakati pa kutsogolo kwa munthu ndi phewa lake, madigiri 45, pakati pake pakhale pamwamba pang'ono pa mutu n'kuweramira pansi, masentimita 80 mpaka mita imodzi kuchokera pankhope. Fulashi pa 1/4, jambulani. Kukawala kwambiri tsitsani pa 1/8, kukada kwezani pa 1/2. Shutter musaigwire, chifukwa siisintha kuwala kwa fulashi. Zimene zimasintha ndi mphamvu, mtunda, aperture ndi ISO.

Ndiye kuzani chithunzicho muyang'ane malo awiri. Poyamba mthunzi wa mphuno: utsike pang'ono chopendekera cha kukona ya mlomo, osafika pamlomo. Ukalowera chammbali mopingasa, nyale yatsika. Ukakakumana ndi mthunzi wa patsaya n'kusiya kachigamba kowala ka makona atatu pansi pa diso, ameneyo ndi mawalitsidwe amene amatchedwa Rembrandt, abwino pa zithunzi zaulemu koma amaonetsa makwinya. Kachiwiri m'maso: mukhale kadontho kowala cha kumtunda kwa diso lililonse. Kakasowa, maso amaoneka ngati maenje, ndipo chifukwa chake n'chakuti nyale yakwera kwambiri. Itsitseni masentimita 10 n'kuyesanso. Zikakhala bwino, bweretsani reflector mbali inayo, theka la mita kuchokera patsaya, muziisendeza mpaka mthunzi utaoneka zam'kati mwake koma osatheratu.

Khungu lakuda limafuna kulimvetsa. Loyera limamwaza kuwala, ndiye maonekedwe a nkhope amatuluka ndi mithunzi. Lakuda limanyezimira ngati chikho chopukutidwa, limaonetsa chithunzi cha nyale yeniyeniyo pachipumi, pamphuno ndi pamasaya, ndiye maonekedwe ake amatuluka ndi malo owalawo. Nyale ikakhala yaing'ono malowo amakhala timadontho toyera mbee, ngati thukuta. Ikakhala yaikulu ndiponso pafupi amatambalala n'kusungunukira m'khungu, nkhope n'kuoneka yosalala. Anthu ambiri amalakwitsa pokweza mphamvu kuti munthu "aoneke", zotsatira zake khungu limatuwa ndipo chipumi chimapsa. M'malo mwake sendezani softbox pafupi, ndipo muitembenuze pang'ono kuti pakati pake paloze kutsogolo kwa mphuno, munthu aziwalitsidwa ndi m'mphepete mwake. Khalani ndi timapepala topukutira mafuta a pankhope, kuchita kudinda osati kutikita. Munthu akavala malaya oyera, malayawo amapsa nkhope isanawale. Tchingani theka lakumunsi la softbox ndi katoni yakuda kuti pachifuwa pafike kuwala kochepa.

Zina zimene zidzakuchitikirani m'masabata oyamba n'zosavuta. Mzere wakuda m'munsi kapena m'mwamba mwa chithunzi ndiye kuti shutter yadutsa malire a fulashi, amene pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250. Mthunzi wa munthu ukagwera pakhoma, musendezeni munthuyo kutsogolo kapena nyale ikwere. Mbali imodzi ya nkhope ikakhala yachikasu ina yabuluu, pali babu la m'nyumba kapena zenera limene likusakanikira ndi fulashi. Magalasi a maso akamaonetsa softbox, ikwezeni kapena ipititseni pambali, apo ayi munthuyo anyamule pang'ono timiyendo ta magalasi pamwamba pa makutu kuti aweramire pansi. Fulashi ikakana kuthwanima, musanaganize kuti yafa onani ngati channel ndi group zikufanana ndi za pa trigger, komanso ngati sinagone yokha posunga batire.

Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito angakupulumutseni ndalama, makamaka masitandi ndi ma softbox, poti chilema chake chimaoneka ndi maso. Pa fulashi samalani. Ithwanimitseni kakhumi pa mphamvu yonse muone ngati ikudzadza mofanana, suzumirani mmene mumalowa mabatire ngati muli dzimbiri loyera kapena lobiriwira, ndipo onani phazi lake ngati lili ndi mng'alu. Mafulashi akale a nthawi ya filimu, monga ena oyambirira a Vivitar 283, amatumiza magetsi opitirira 200V paphazi ndipo angathe kuotcha kamera ya masiku ano. Musayesenso kutsegula fulashi kuti muikonze nokha, chifukwa m'kati mumasungika magetsi a pafupifupi 300V ngakhale mabatire atachotsedwa.

Ngati ndalama sizikukwanira zonse nthawi imodzi, yambani ndi fulashi, trigger, bracket, sitandi, mabatire ndi ambulera yoyera. Softbox ya grid ibwere pambuyo pake, kenako lenzi ya 50mm. Fulashi yachiwiri mudzaigule mukadzaona vuto lenileni limene reflector yalephera, ndipo kawirikawiri limakhala ili: tsitsi lakuda ndi jekete lakuda zamira m'khoma lakuda, mutu sukudziwika pothera. Yachiwiriyo imakhala kumbuyo kwa munthu cha pambali, moyang'anizana ndi softbox, pamwamba pa mutu, pa mphamvu yochepa ngati 1/32 kapena 1/64. Ikulungeni kutsogolo ndi katoni yakuda ngati paipi kuti kuwala kusalowe mu lenzi, ndipo muiloze pa phewa ndi m'mphepete mwa tsitsi, osati pa khutu kapena pansonga ya mphuno.